BP, shuga ndi mtima pa munthu mmodzi: kusankha mankhwala oyenera

Anthu ambiri odwala shuga maso awo onse amakhala pa nambala ya shuga. Akabayidwa chala n'kuona kuti yatsika, mtima umakhala m'malo, ndipo BP imene namwino walemba m'kabuku ka kuchipatala saiwerengera kwenikweni. Komatu zimene zimatenga miyoyo ya anthu a shuga ndi sitiroko, mtima ndi impso, ndipo zonsezi BP yokwera ndiyo imazifulumizitsa. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UKPDS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anagawa odwala shuga m'magulu awiri. Gulu lina BP yawo inakhala cha pa 144/82, linalo cha pa 154/87. Kusiyana kooneka kochepaku kunachepetsa sitiroko ndi 44 peresenti, ndipo imfa zobwera ndi shuga zinatsika ndi 32 peresenti.

Kwathu kuno nkhaniyi si ya anthu owerengeka. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankamwa mankhwala alionse. Odwala shuga anali pafupifupi 6 mwa 100 alionse. Impso zikafa, makina otsuka magazi m'zipatala za boma ndi ochepa kwambiri, ndipo kwa zaka zambiri amapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kokha. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akafika pamenepo, banja lonse limasokonekera.

Piritsi loposa ena onse palibe. Chimene chimasankhitsa mankhwala ndi mmene mtima wawonongekera, mmene impso zilili, komanso ngati wodwalayo angathe kuwapeza mwezi ndi mwezi n'kumayezetsa magazi. Kusankhako kumachitika pamodzi ndi adokotala, koma wodwala amene akudziwa chifukwa cha piritsi lililonse sasiya kumwa mwachisawawa, ndiponso amadziwa chofunsa.

Mtima wavuta pati?

Matenda a mtima alipo amitundumitundu, ndipo mankhwala othandiza pa mtundu wina akhoza kukhala opanda phindu pa unzake. Pali anthu amene mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo yaphinjika ndi mafuta. Akakwera chitunda kapena kusenza katundu amamva kuthina pachifuwa, nthawi zina mpaka kumkono wakumanzere kapena kunsagwada, ndipo akapuma kumasiya. Mtsempha ukatsekeratu, mbali ina ya mtima imafa, ndiye zija madokotala amati heart attack. Shuga amawononga mitsempha yomvera ululu, mwakuti ena zimawachitikira osamva kupweteka, amangoona thukuta, kufooka ndi befu.

Ena mtima wawo wafooka, sukupopa mokwanira. Miyendo imatupa, akagona chagada amabanika, amasanjikiza mapilo kuti apume bwino, usiku amadzidzimuka ndi phuma. Mtundu umenewu ndi umene timauona kwambiri kuno. Kafukufuku wa THESUS-HF, amene anatuluka mu 2012 atachitika m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ogonekedwa ndi mtima wofooka gwero lake linali BP, pamene a mitsempha yotsekeka sanakwane mmodzi mwa khumi. Ku Ulaya mitsempha yotsekeka ndiyo imatsogola, n'chifukwa chake malangizo ambiri a pa intaneti amalankhula za iyo kwambiri.

Palinso amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, ndipo ambiri mwa awa amafunika mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Choncho musanafike pa mapiritsi a BP, funsani kuti, "Adokotala, kodi vuto la mtima wangawu ndi liti makamaka?" Kuunika kwa echo, kumene kumachitika m'zipatala zazikulu, ndiko kumasonyeza mphamvu ya kapopedwe, ndipo yankho lake lilembedwe m'kabuku.

Itsike mpaka pati: 140, 130 kapena 120?

Malangizo a 2021 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati aliyense wa BP aitsitse pansi pa 140/90, koma amene ali ndi matenda a mtima, shuga kapena impso, nambala yapamwamba itsike pansi pa 130. Bungwe la American Diabetes Association nalonso limati pansi pa 130/80. Mkangano wakhala pa 120. Mu 2010 kafukufuku wa ACCORD, wa odwala shuga oposa 4,700 ku America ndi Canada, anayerekeza kutsitsa pansi pa 120 ndi pansi pa 140. Sitiroko inachepa m'gulu loyambalo, koma mavuto onse a mtima akaphatikizidwa kusiyana sikunaoneke bwino, ndipo zovuta zobwera ndi mankhwala zinachuluka. Mu 2024 kafukufuku wa BPROAD wa ku China, wa odwala shuga oposa 12,000, anapeza kuti kulinga pansi pa 120 kunachepetsa mavuto akuluakulu a mtima ndi sitiroko ndi 21 peresenti.

Ineyo ndimaona kuti 130/80 ndi pamene ambiri ayenera kulinga, ndipo amene thupi lawo likulola kutsika kuposa apo popanda chizungulire, ndi bwino ndithu. Koma agogo amene akadzuka pamphasa maso amachita mdima, kuwathamangitsira ku 120 n'kuwaitanira kugwa ndi kuthyoka chiuno. Munthu amene wakhala ndi shuga zaka zambiri BP yake imatha kugwa akangoimirira, choncho ayezedwe ali chikhalire, kenaka ataimirira kwa mphindi imodzi mpaka zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, adokotala aganizirenso mlingo. Amene mitsempha ya mtima yaphinjika asamalenso kuti nambala yapansi isamatsike pansi pa 60, chifukwa mtima umalandira magazi ake pa nthawi imene ukupuma pakati pa kugunda. Ndipo tisaiwale pamene ambiri aima: amene ali pa 170 akafika pa 140 wapulumuka ku zambiri kuposa amene wachoka pa 135 kufika pa 120.

Nambala zonsezi zimadalira kayezedwe. Munthu wayenda wapansi kuchokera pa siteji, waima pamzere kuyambira m'mawa, chikhodzodzo chadzaza, kenaka lamba amumanga pamwamba pa juzi uku akuyankha mafunso. Nambala yotuluka pamenepo si yake yeniyeni. Akhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, miyendo yosapingasa, mkono uli patebulo, osayankhula. Wa mkono waukulu akamangidwa lamba wamng'ono makina amakweza nambala. Amene angakwanitse kugula makina apanyumba agule omanga pamkono pamwamba pa chigongono, osati a pamfundo ya dzanja, ndipo azilemba m'kope m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi tsiku lokaonana ndi adokotala lisanafike.

Enalapril ndi losartan

Enalapril ndi anzake monga captopril, lisinopril, perindopril ndi ramipril ndi amene amakhudza matenda atatu onsewa nthawi imodzi. Impso zili ngati sefa wa ufa: shuga ndi BP zimakulitsa timabowo take mpaka mapulotini, amene amayenera kutsala m'magazi, amayamba kudutsa n'kupita mumkodzo. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu imene magazi amakankhira m'timabowoto, ndipo impso zimachedwa kuwonongeka. Kapepala koviika mumkodzo kakasonyeza mapulotini, enalapril kapena losartan (wa banja lina koma wogwira ntchito yofanana) asasowe pa mankhwala anu. Pa mtima wofooka amatalikitsa moyo. Pa mitsempha yophinjika, kafukufuku wa HOPE wa mu 2000, wa anthu oposa 9,000, anapeza kuti ramipril anachepetsa heart attack, sitiroko ndi imfa za mtima ndi 22 peresenti.

Zofooka zake nazonso n'zenizeni. Mwa ife anthu akuda, mankhwalawa akakhala okha satsitsa BP mwamphamvu ngati mmene amachitira mwa azungu. Kafukufuku wa ALLHAT wa 2002 ku America anapeza sitiroko yochuluka mwa anthu akuda amene anapatsidwa lisinopril poyerekeza ndi amene anapatsidwa piritsi lokodzetsa la chlorthalidone. Ndiye enalapril amafuna mnzake.

Munthu mmodzi mwa khumi kapena cha pamenepo amayamba chifuwa chouma chokanda pakhosi, chosamva mankhwala a chifuwa. Kuno kumene TB ndi yofala, wina amapereka makhololo kawiri katatu, osapezeka kanthu, palibe woganizira piritsi. Kuyezetsa TB n'koyenera ndithu, koma nenani kuti mukumwa enalapril. Chifuwa chikakhala cha piritsi, losartan kapena telmisartan amagwira ntchito yomweyo popanda kutsokomoletsa, kungoti kawirikawiri amafuna kugula ku famase. Choopsa kwambiri, ngakhale sichichitikachitika, ndi kutupa kwadzidzidzi kwa milomo, lilime kapena pakhosi. Kumagwira anthu akuda kuposa azungu, ndipo kukachitika thamangirani kuchipatala, piritsilo musadzamwenso. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asamwe enalapril kapena losartan, chifukwa amawononga impso za mwana. Pa nthawi imeneyo pali methyldopa ndi nifedipine.

Enalapril, losartan ndi anzawo amafunanso labu. Magazi ayezedwe creatinine (amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potaziyamu (mchere wina wa m'magazi) asanayambe, komanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri atayamba kapena atakwezedwa mlingo. Creatinine kukwera pang'ono, osapitirira 30 peresenti, si chifukwa chosiyira. Potaziyamu akakwera kwambiri akhoza kuimitsa mtima osachenjeza. Enalapril ndi losartan asamwedwe pamodzi. Kafukufuku wa ONTARGET wa 2008 anayesa kuphatikiza mitundu iwiriyi, phindu silinaonjezeke, koma mavuto a impso anachuluka.

Amlodipine

Pa kutsitsa BP mwa anthu akuda, amlodipine ali m'gulu la amphamvu kwambiri. Amamwedwa kamodzi patsiku, 5 mg kapena 10 mg, sasokoneza shuga, safuna kuyezetsa magazi, ndipo amakhalitsa m'thupi mwakuti mukachedwa kumwa ndi maola angapo BP siyidumpha. Amachepetsanso kuthina pachifuwa. Kwa munthu wakumudzi amene chipatala chake chilibe labu yoyezera impso, ubwino umenewu ndi waukulu.

Vuto lake ndi kutupa kwa akakolo, makamaka pa 10 mg ndiponso nyengo yotentha ya Okutobala. Nsapato zimathina madzulo, m'mawa zaphwa. Kwa wodwala mtima izi zimasokoneza, poti kutupa miyendo ndi chizindikironso cha mtima wofooka. Kutupa kwa piritsi sikubwera ndi befu kapena kubanika pogona, ndipo Lasix, piritsi lochotsa madzi m'thupi, sakuchotsa kwenikweni. Kumachepa mlingo ukatsitsidwa kapena akaphatikizidwa ndi enalapril. Pa mtima wofooka amlodipine sawononga, komanso satalikitsa moyo, choncho amabwera pambuyo pa amene amateteza mtimawo. Verapamil ndi diltiazem ndi a banja lomwelo koma amachepetsa mphamvu ya kapopedwe, ndipo pa mtima wofooka apewedwe. Amene akumwa simvastatin wochepetsa mafuta m'magazi pamodzi ndi amlodipine asapitirire 20 mg ya simvastatin.

HCTZ

Hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCTZ, ndiye anthu ochuluka amayambira m'zipatala za boma. Ndi wotchipa, ndipo amagwira bwino mwa anthu akuda chifukwa amatulutsa mchere. Odwala shuga ena amamuopa atamva kuti amakweza shuga. Amakwezadi, koma pang'ono pa mlingo wa 12.5 kapena 25 mg, ndipo phindu la kutsika kwa BP limaposa pamenepo. Amatsitsa potaziyamu, akhoza kudzutsa gauti (nyamakazi yotupitsa mfundo), mwa okalamba amatha kutsitsa mchere wa m'magazi mpaka mutu kusokonezeka, ndipo impso zikafooka kwambiri mphamvu yake imatha. Abambo ena amaona kuti mphamvu za kuchipinda zachepa, n'kusiya mankhwala onse mwakachetechete. Shuga payekha amachita zomwezo, choncho ndi bwino kuwauza adokotala poyera, chifukwa piritsi limasinthika.

Indapamide ndi chlorthalidone ndi a banja lomweli koma amagwira maola ambiri. Mu kafukufuku wa ADVANCE wa 2007, wa odwala shuga 11,140, piritsi lophatikiza perindopril ndi indapamide linachepetsa imfa ndi 14 peresenti.

Atenolol ndi anzake

Apa mpamene mtundu wa vuto la mtima umasintha zonse. Kwa wodwala shuga amene ali ndi BP yokha, atenolol si woyambira. Sateteza ku sitiroko ngati amlodipine, amanenepetsa pang'ono, ndipo mwa anthu akuda payekha ndi wofooka. Koma amene anagwidwapo ndi heart attack, kapena amamva kuthina pachifuwa, kapena mtima umathamanga mosalongosoka, mankhwala a banja limeneli amawathandiza chifukwa amachepetsa liwiro ndi ntchito ya mtima. Pa mtima wofooka, amene anasonyeza kuti amatalikitsa moyo ndi bisoprolol, carvedilol ndi metoprolol wa mtundu wosungunuka pang'onopang'ono. Atenolol sali pa mndandanda umenewo. Atatu aja amayambidwa ndi kamlingo kochepa kwambiri, monga carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku, madzi atayamba achotsedwa m'thupi, n'kumakweza pakapita masabata.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Shuga akatsika mopitirira, thupi limachenjeza ndi kunjenjemera komanso kugunda kwa mtima. Atenolol ndi anzake amabisa zizindikiro ziwirizo, limatsala ndi thukuta. Taganizirani mayi wachikulire amene ali pa atenolol ndipo amamwanso piritsi la shuga la glibenclamide kapena kudzibaya insulin, mwezi wa Januwale chakudya chikuperewera pakhomo, wamwa mapiritsi m'mawa n'kupita kukapalira osadya. Pamene akuzindikira kuti china chalakwika, miyendo yafooka kale ndipo mutu wasokonezeka. Aliyense amene ali pa mitundu iwiriyi ya mankhwala nthawi imodzi aziyenda ndi shuga wa m'tiyi kapena maswiti m'thumba, ndipo apabanja adziwe kuti thukuta lozizira losadziwika chifukwa chake ndi chizindikiro. A mphumu asamwe propranolol ndi carvedilol, ndipo enawo amwe pokhapokha adokotala akudziwa za mphumuyo.

Spironolactone, Lasix ndi mankhwala atsopano a shuga

Furosemide, amene timamudziwa kuti Lasix, ntchito yake ndi kuchotsa madzi mwa amene atupa kapena kubanika. Amapumitsa bwino, koma si piritsi la BP la munthu wosatupa amene impso zake zili bwino. Spironolactone ndi wokodzetsa wa mtundu wina. Pa mtima wofooka kwambiri, kafukufuku wa RALES wa 1999 anapeza kuti anachepetsa imfa ndi 30 peresenti, ndipo wa PATHWAY-2 wa 2015 anasonyeza kuti BP ikakana mapiritsi atatu, iyeyu ndiye wachinayi wogwira bwino. Koma amakweza potaziyamu, ndipo akakumana ndi enalapril mwa wodwala shuga wa impso zofooka, ngozi imakula. Kumene magazi sangayezedwe pafupipafupi, ine sindingalimbikitse kuti ayambidwe. Abambo ena amatupa mawere n'kumapweteka.

Empagliflozin ndi dapagliflozin anabwera ngati mankhwala a shuga, otulutsa shuga kudzera mumkodzo. Mu 2015 kafukufuku wa EMPA-REG, wa odwala shuga amene anali kale ndi matenda a mtima, anapeza kuti empagliflozin anachepetsa imfa za mtima ndi 38 peresenti, ndipo kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka kunatsika ndi 35 peresenti. Amatetezanso impso, ndipo BP amaitsitsa pang'ono, cha m'ma 3 mpaka 5. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021. Kwa munthu amene tikumunena m'nkhani ino, awa ndi oyenera kwambiri, chotchinga ndi mtengo basi. Ngati muli ndi mwana ku Johannesburg kapena ku London amene amafunsa kuti athandize bwanji, mufunseni dokotala wanu ngati mankhwalawa akukuyenerani. Ndalama yolowa pamenepo ili ndi phindu kuposa ya mavitamini a m'mabotolo. Empagliflozin ndi dapagliflozin amatha kubweretsa kuyabwa kumaliseche chifukwa cha shuga wa mumkodzo, ndipo munthu akadwala mpaka kulephera kudya ayambe wawaimitsa.

Limodzi kapena awiri, ndipo awiri ake ati?

Ambiri a shuga piritsi limodzi siliwafikitsa pa 130/80. Kuwonjezera lachiwiri si chizindikiro choti matenda afika poipa. Mapiritsi awiri a mlingo wochepa amatsitsa BP kuposa limodzi la mlingo waukulu, ndipo zovuta zake zimachepa.

Pa funso la awiri ati, tili ndi umboni wa kuno ku Africa. Kafukufuku wa CREOLE, wotsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja, anatuluka mu 2019 atachitika m'mayiko 6, kuphatikizapo Mozambique, South Africa ndi Kenya. Anthu 728 anagawidwa patatu. Amlodipine ndi HCTZ, komanso amlodipine ndi perindopril, anatsitsa BP kuposa perindopril ndi HCTZ pakutha kwa miyezi 6. Ku America ndi ku Ulaya, kafukufuku wa ACCOMPLISH wa 2008, amene anthu ake ambiri anali a shuga, anapeza mavuto a mtima ochepa mwa amene anamwa benazepril (wa banja la enalapril) ndi amlodipine kuposa amene anamwa benazepril ndi HCTZ.

Ndikaika zonsezi pamodzi, wodwala shuga wa mitsempha yophinjika kapena wa mapulotini mumkodzo ndingamusankhire amlodipine ndi enalapril, kapena losartan ngati akutsokomola, HCTZ n'kubwera wachitatu BP ikapanda kutsika. Amene anagwidwapo ndi heart attack kapena amathina pachifuwa awonjezerepo wa banja la atenolol. Kumene impso sizingayezedwe msanga, amlodipine ndi HCTZ ndi poyambira pabwino, koma ulendo wopita ku chipatala cha boma cha m'bomalo kukayezetsa usazengerezedwe, chifukwa impso za wodwala shuga zimafuna enalapril. Pa mtima wofooka dongosolo limatembenuka: enalapril kapena losartan, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndi empagliflozin kapena dapagliflozin ngati akupezeka, Lasix wochotsa madzi, ndipo amlodipine pamapeto ngati BP idakali pamwamba.

Mapiritsi akachuluka, kuiwala kumachulukanso. Alipo ophatikiza mankhwala awiri m'piritsi limodzi, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wake mu 2019. Kwa amene amagula okha, n'koyenera kufunsa mtengo wake. Za nthawi yomwera musavutike nazo: kafukufuku wa TIME wa 2022 ku Britain, wa anthu oposa 21,000, sanapeze kusiyana pakati pa kumwa m'mawa ndi kumwa madzulo. Okodzetsa okha ndi amene amayenera m'mawa, kuti usiku mugone. Pambali pa a BP, wodwala shuga wa matenda a mitsempha amafunika atorvastatin kapena simvastatin, ochepetsa mafuta m'magazi. Aspirin wa 75 mg ndi wa amene anagwidwapo ndi heart attack kapena sitiroko ya mtsempha wotsekeka, osati aliyense, ndipo BP ikakhala pamwamba kwambiri amaonjezera ngozi ya kukha magazi mu ubongo.

Mchere, chakudya ndi zitsamba

Ena amafunsa ngati kusintha kadyedwe kungalowe m'malo mwa mapiritsi. Kwa munthu amene mtima wake wakhudzidwa kale, ayi. Koma mchere ukachuluka mapiritsi amafooka, makamaka enalapril. WHO imati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya. Wobisikayo ali mu nsomba zouma zothira mchere, timakyubu ta supu, kapaketi ka zokometsera ka mu soya, poloni, soseji, tchipisi cha pachiwaya, ndi kambale kaja ka mchere ndi tsabola kokhala pambali pa kanyenya. Soda wophikira therere ndi nkhwani nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Nsomba zouma zikanyikidwa m'madzi n'kutaya madziwo mchere umachepa, ndipo tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo popanda kudalira mchere wambiri. Lilime limazolowera pakatha masabata ochepa, makamaka banja lonse likamadya mphika umodzi m'malo mopatulira wodwala kambale kake kozizira.

Kuli mchere wina umene gawo lake ndi potaziyamu. Ku China, kafukufuku wa SSaSS wa 2021 m'midzi 600 anapeza kuti unachepetsa sitiroko ndi 14 peresenti. Koma amene impso zafooka, kapena akumwa spironolactone, asaugwiritse ntchito, ndipo a enalapril ayambe afunsa. Chidulo nachonso, pokhala cha phulusa la zomera, chili ndi potaziyamu wambiri, choncho anthu omwewa asachichulutse.

Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera, koma mitanda ikachuluka shuga amakwera ndithu. Mowa umakweza BP ndipo umafooketsa mtima, komanso kachasu pamimba yopanda kanthu amagwetsa shuga mwa omwa glibenclamide. Fodya ndiye wosiyiratu. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza, malinga ngati sikudzutsa kuthina pachifuwa. Chammwamba ndi adyo ndi chakudya chabwino, koma palibe kafukufuku wamkulu amene wasonyeza kuti zimateteza ku sitiroko mmene amlodipine amachitira. Mabotolo a pamsika olonjeza kutheratu BP ndi shuga amandiopsa pa chifukwa china: zimene zili m'kati sizidziwika mlingo wake, ndipo zimakathera mu impso zomwe zafooka kale.

Zimene zimawononga dongosolo labwino

Msana kapena bondo likapweteka, ambiri amagula Brufen, Indocid kapena diclofenac pa okala. Mapiritsi amenewa amakweza BP, amasunga madzi m'thupi mwa a mtima wofooka, ndipo akakumana ndi enalapril pamodzi ndi okodzetsa akhoza kuimitsa impso m'masiku ochepa. Panado ndiye wosaopsa. Kutsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri kumaumitsa thupi, ndipo pa masiku amenewo enalapril, losartan, okodzetsa, spironolactone, mapiritsi a shuga a metformin ndi empagliflozin amayenera kuimitsidwa kwa kanthawi, munthu n'kumamwa Thanzi ORS ndi kupita kuchipatala. Akayambanso kudya ndi kumwa bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri, amayambiranso. Kambiranani izi ndi adokotala musanadwale.

Amene ali pa ma ARV anene poyera kumbali zonse ziwiri, kumene amalandira ma ARV ndi kumene amalandira mankhwala a BP ndi shuga. Dolutegravir, amene ali mu piritsi limene ambiri akumwa kuyambira 2019, amachulukitsa metformin m'magazi, ndipo mlingo wa metformin nthawi zambiri sukwezedwa kupitirira 1,000 mg patsiku popanda kuunika bwino. Tenofovir, ARV wina, amafuna impso ziziyezedwa. Amene ali pa atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir asamwe simvastatin, ndipo amlodipine ayambe ndi mlingo wochepa.

Nkhani ina ndi ya kusowa kwa mankhwala. Mwafika pa windo la famase ya chipatala, akuuzani kuti enalapril kulibe, mukagule. Ena amabwerera kunyumba n'kudikira mwezi wamawa, ena amadula mapiritsi pakati kuti akwane, enanso amabwereka a mnansi amene naye ali ndi BP koma mtima wake ndi impso zake n'zosiyana. Musachoke pachipatala musanabwerere kwa adokotala kukafunsa ngati pali cholowa m'malo, ndipo mayina ndi milingo zilembedwe momveka m'kabuku kuti wa ku famase akupatseni zomwezo. Pitani kukatenga ena mudakali ndi a sabata imodzi. Ndalama ikakwana piritsi limodzi lokha, funsani kuti ndi liti losadumphika. Kwa amene ali pa atenolol, bisoprolol kapena carvedilol chifukwa cha mitsempha ya mtima, ndi limenelo, poti kulisiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima ndipo kukhoza kudzutsa heart attack m'masiku ochepa.